Chikondwerero cha nyimbo pamtetete dzuwa likuswa mtengo: munthu amakonzeka bwanji?

Tiyamike:
Abale pagulu pano ndithandizeni. Ndagula tikiti ya chikondwerero cha nyimbo cha masiku atatu, chochitikira pabwalo, kugona kwake m'matenti. Azanyengo akuti masana kuzidzatentha mpaka madigiri 37 kapena 38. Ndiye oyimba amene ndikuwafunitsitsawo awaika 3 koloko masana tsiku lachiwiri. Amene munapitako ku zoterezi, munthu amakonzeka bwanji? Zakumwa madzi ndikuzidziwa kale, ndiuzeni zinazo.

Mphatso:
38? Gulitsani tikitiyo achemwali, mudzaonera pa YouTube fani ili pamutu kkkk

Tiyamike:
Aaa Mphatso, ndapempha malangizo, inu mukundigwetsa mphwayi.

Malume a Gitala:
Musamumvere uyo, mwana wanga. Pitani. Koma chimodzi chokha ndikuuzeni, ndipo ambiri safuna kuchimva: chimene chimagwetsa anthu ku zikondwererozi ndi kukakamira malo. Munthu amafika kutsogolo kwa siteji 12 koloko kuti asunge malo a oyimba a 3 koloko. Ludzu likamugwira sachoka, kuopa kuti malo atengedwa. Mkodzo ukamugwira sachoka, kenako amaleka kumwa dala kuti asafune kuchimbudzi. Pofika nthawi ya oyimba ake amakhala waima padzuwa maola atatu, wopanikizidwa mbali zonse, mphepo yosamufika. Nyimbo yachiwiri isanathe mumangoona achitetezo akumunyamula. Khalani pamthunzi mpaka kutatsala mphindi 20, kenako mukaime chapambali, pomwe mungatuluke osapempha anthu zana kuti akupatseni njira.

Chisomo:
Koma malume, kukoma kwa zinthuzi ndi kutsogoloko. Kumbuyo umangoona mitu ya anthu ndi mafoni ali m'mwamba.

Malume a Gitala:
Usiku pita kutsogolo, sindikuletsa. Ndikunena za masana.

Wa Sawundi:
Ine ntchito yanga ndi ya zokuzira mawu ku mapwando ngati amenewa, ndiye ndikuuzeni chinsinsi: kutsogolo kwenikweni si kumene nyimbo zimamveka bwino. Timakonza mawu titakhala pakati pa bwalo, pa kakhumbi kamene mumakaona kali ndi makina kaja. Imani pafupi ndi pamenepo, mudzamva zomwe ife tikumva, ndipo anthu sathithikana kwambiri. Kutsogolo mumangolandira kugunda kwa masipika apansi pachifuwa.

Ndipo tengani zotsekera m'makutu. Phokoso la madesibelo 85 (madesibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) khutu limapirira maola asanu ndi atatu, koma likafika 100 ndi mphindi 15 zokha. Pafupi ndi masipika timapitirira 100 mosavuta. Izi sizikukhudza kutentha ayi, ndangoti ndiponyepo poti ndayamba kale kulankhula.

Mayi Nachisale:
Ndaona Tiyamike wati zamadzi akuzidziwa. Mwanawe, ndikhululukire, koma ineyo ngati namwino ndiyambira pomwepo, chifukwa ambiri amene amati akudziwa amadziwa theka. Thukuta si madzi okha, limatuluka ndi mchere. Munthu wovina padzuwa amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ena kuposa. Ukamabweza madzi okhaokha ochuluka, osadya kanthu, mchere wa m'magazi umasungunuka n'kuchepa. Zizindikiro zake zimafanana ndi za kutentha komweko: mutu, nseru, kusokonezeka. Anzako poona zimenezo amakuthiranso madzi ena kukamwa, vuto n'kukula. Zikafika poipa ubongo umatupa, ndipo anthu amafa nazo.

Muyeso umene amapatsa anthu ogwira ntchito yolemetsa potentha ndi kapu imodzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, kutanthauza pafupifupi lita imodzi pa ola, ndipo osapitirira lita imodzi ndi theka pa ola. Kumwa pang'onopang'ono, osati kugugudiza malita awiri nthawi imodzi chifukwa wakumbukira mochedwa. Uzidya chakudya chenicheni chokhala ndi mchere, ngakhale kutentha kukuchotsere chilakolako. Tenga timapaketi ta ORS, ta shuga ndi mchere tosungunula m'madzi tija, sitilemera. Ukasowa, lita imodzi ya madzi abwino, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Ndipo uziyang'ana mkodzo wako. Ukakhala wachikasu chowala uli bwino. Ukada, kapena papita maola ambiri osapita kuchimbudzi, watsalira.

Tiyamike:
Zamcherezo ndiye zachilendo kwa ine. Zikomo mayi.

Mphatso:
Nanga mowa si madzi omwewo? Wozizira bwino, thukuta lili pabotolo...

Mayi Nachisale:
Iwe Mphatso, ndimadziwa kuti ubwera ndi zimenezo. Mowa umakukodzetsa kwambiri, ndiye madzi amatuluka msanga kuposa momwe ukuwabwezera. Koma choipa chake chachikulu n'chakuti umakubisira zizindikiro. Chizungulire ukuchiyesa kuledzera, anzako nawo akuyesa kuledzera, aliyense akuseka. Ngati umwe, dikira dzuwa lipendeke, ndipo botolo lililonse la mowa lizitsatana ndi madzi. Matsire a m'mawa nawo amakuyambitsa tsiku uli wouma kale.

Ndinenenso za mapiritsi osokoneza bongo, poti amapezeka m'malo otere ndipo kukhala chete sikuthandiza. Aja a MDMA amakweza kutentha kwa thupi, amakuvinitsa osamva kutopa, komanso amachititsa kuti impso zisunge madzi. Ndiye munthu ali pangozi ziwiri nthawi imodzi: kutenthedwa, ndi kumwa madzi opitirira muyeso. Mnzanu akadwala atamwa zimenezi, auzeni azachipatala zoona zake. Ntchito yawo ndi kupulumutsa moyo, ndipo akadziwa msanga amathandiza msanga.

Dalitso:
Zonsezi ndi zabwino, koma zikundinyansa kuti katundu yense tikumusenzetsa wogula tikiti. Nanga okonza mwambo? Anthu akulipira ndalama zambiri, kenako pageti akuwalanda mabotolo a madzi kuti akagule m'kati pamtengo wokwera. Kumbukirani za ku Rio de Janeiro pa 17 November 2023, pa konsati ya Taylor Swift, woyimba wa ku America. Kunatentha koopsa, anthu ankadandaula kuti sanaloledwe kulowa ndi madzi, ndipo mtsikana wa zaka 23 anamwalira. Madokotala anadzatsimikiza kuti chinali kutentha. Konsati ya tsiku lotsatira anaisunthira tsiku lina, ndipo boma la Brazil linalamula kuti m'mapwando otere anthu aziloledwa kulowa ndi mabotolo awo komanso madzi akumwa azipezeka aulere. Zinafunika maliro kuti chinthu chodziwikiratu chikhale lamulo.

Malume a Gitala:
Achimwene Dalitso mukunena zoona, ndipo nkhaniyi ndi yakale. Chikondwerero cha Woodstock cha ku America cha mu July 1999 chinachitikira ku Rome, m'chigawo cha New York, pa bwalo lakale la ndege za asilikali. Pansi simenti ndi phula, mitengo yosowa, kutentha kofika madigiri 38, botolo la madzi madola 4. Munthu wina anamwalira ndi kutentha, ndipo chikondwererocho chinatha ndi moto ndi chipolowe. Anthu akapsa ndi dzuwa, ali ndi ludzu, n'kumaona kuti akuberedwa, mtima umasintha. Komabe inu ndi ine sitingasinthe okonza mwambo sabata ino. Tiyamike akupita basi, ndiye adzisamale yekha.

Dalitso:
Tingawasinthe malume. Tikamawafunsa poyera pa Facebook pawo kuti mipopi ilipo ingati, mthunzi ulipo, tenti yachipatala ili pati, amachita manyazi. Ena amatha ndithu. Ku chikondwerero cha Glastonbury, ku England, analeka kugulitsa zakumwa za m'mabotolo apulasitiki otaya mu 2019, aliyense amabwera ndi botolo lake n'kumatunga ulere pamipopi. Ku England malo alionse ogulitsa mowa womwera pomwepo amakakamizidwa ndi lamulo kupereka madzi apampopi ulere munthu akapempha. Chikondwerero choyamba cha Coachella chinachitika mu October 1999 ku Indio, m'chipululu cha ku California, kunatentha kwambiri, ndipo kuyambira 2001 nthawi zambiri amachita mu April. Ngakhale mu April momwemo kumatentha, koma malo otungira madzi aulere alipo. Zimatheka akafuna.

Malume a Gitala:
Sindikutsutsa. Funsani ndithu. Koma mpopi ukhoza kukhalapo, mzere wake wa mphindi 40 padzuwa. Ndiye ndimati tungani m'mawa ndi pamene oyimba otchuka ali pasiteji, nthawi imeneyo mizere imafupika.

Tiyamike:
Ndaona pa tsamba lawo, akulola botolo lopanda kanthu, losakhala lagalasi. Zamipopi sanalembe chiwerengero. Ndawafunsa, tione ngati ayankhe.

Chisomo:
Funso langa ndi la mafuta odzola oteteza ku dzuwa aja. Ife akhungu lakuda amatifunikiradi? Ine sindinapsepo.

Nabanda:
Mudzapsa tsiku lomwelo achimwene, pamphuno ndi pamapewa. Khungu lakuda limateteza ndithu koma osati kotheratu, ndipo kupsa kwake sikuoneka kufiira, mumangomva kuwawa kenako kusupuka. Kuima padzuwa tsiku lonse masiku atatu otsatizana n'kosiyana ndi kuyenda pang'ono masana. Mng'ono wanga ndi wachialubino, ndiye nkhaniyi kwathu timaidziwa bwino. Gulani olembedwa SPF 30 kapena kuposa. A 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza chowotcha khungu, a 50 pafupifupi 98, ndiye kusiyana kwake n'kochepa. Chachikulu ndi kudzola okwanira, mphindi 20 musanatuluke, ndi kubwereza maola awiri alionse, kapena msanga ngati mwatuluka thukuta kwambiri. Makutu, kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa mapazi ndi pomwe anthu amaiwala. Kwa anzathu achialubino mafuta okha sakwanira: malaya a manja aatali, chipewa chakhonde, magalasi, ndi mthunzi kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko.

Mayi Nachisale:
Nabanda wanena bwino. Ndiwonjezere kuti khungu lopsa silitulutsa bwino kutentha, ndiye kupsa kwa tsiku loyamba kumakuvutitsa tsiku lachiwiri. Zovala zikhale zotaya, zopepuka, zowala. Anyamata ovula malaya aja amaganiza kuti akuzizidwa, koma dzuwa likuwamenya mwachindunji.

Mphatso:
Ndiye tikagule jimu ya chiyani ngati sitivula malaya? kkkk

Chisomo:
Iwe ndi jimu munakumana liti?

Wa Sawundi:
Nsalu yonyowa pakhosi imathandiza kwambiri, ife ogwira ntchito timayenda nayo. Kunyowetsa chipewa chimodzimodzi. Koma dziwani kuti zimadalira mpweya. Kukakhala kouma, madzi amauma msanga n'kuchotsa kutentha. Kukakhala chinyezi, monga pafupi ndi nyanja kapena mvula itangogwa, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo madigiri 33 achinyezi akhoza kukupwetekani kuposa 38 ouma. Pakati pa chikhamu cha anthu pamakhalanso chinyezi chakechake, aliyense akutuluka thukuta ndi kupuma pamalo amodzi.

Zamafoni: ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito bwino mpaka madigiri 35. Mukamajambula kanema padzuwa imatentha n'kuzima yokha, ndiye ngati tikiti yanu ili m'foni mwagwa nayo. Musaitchaje ili padzuwa, ndipo power bank musaisiye mu tenti masana. Netiweki nayo imafa anthu akachuluka. Gwirizanani ndi anzanu malo okumanirana ndi nthawi yake musanabalalike.

Tiyamike:
Za tentizo ndiye ndikuda nazo nkhawa. Anthu amagona bwanji?

Malume a Gitala:
Sagona kwenikweni kkkk. Nyimbo zimatha usiku kwambiri, ndipo dzuwa likangotuluka tenti imasanduka uvuni, 7 koloko uli panja kale. Fikani msanga tsiku loyamba kuti mupeze malo pomwe mthunzi umagwa m'mawa, kutanthauza kuti mtengo kapena mpanda ukhale chakum'mawa kwa tenti yanu. Mangani nsalu kapena lona pamwamba pake mosiya mpata kuti mphepo idutse, ndipo tsegulani mazenera onse. Tulo ta masana mukagone pamthunzi panja, osati m'katimo. Kusagona ndi kutentha zikaphatikizana, tsiku lachitatu ndi lomwe anthu ambiri amagwa.

Mayi Nachisale:
Ndipo pali chifukwa china. Thupi limazolowera kutentha, koma zimatenga sabata imodzi kapena awiri. Amene amakhala mu ofesi yozizira tsiku lonse n'kudzangotulukira pabwalo ali pangozi kuposa wogwira ntchito panja. Tiyamike, ngati masiku alipo, yamba kuyenda panja theka la ola kapena ola tsiku lililonse, thupi liphunzire kutuluka thukuta msanga.

Tsopano ndilembe chimene ndikufuna aliyense pagulu pano asunge, ngakhale amene sakupita. Pali magawo awiri. Loyamba ndi kufooka ndi kutentha: thukuta lambiri, chizungulire, mutu, nseru, kukokana kwa minofu, mtima kuthamanga, koma munthu akulankhula zanzeru. Ameneyu mutengereni pamthunzi, mugonekeni, kwezani miyendo, masulani zovala, muthireni madzi pakhungu ndi kumukupiza, amwe pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 30 osasintha, pitani naye kwa azachipatala. Akachira asabwerere kukavina tsiku limenelo.

Gawo lachiwiri ndi lakupha. Kutentha kwa m'thupi kwapitirira madigiri 40 ndipo ubongo wakhudzidwa. Munthu amalankhula zosamveka, sadziwa komwe ali, amayenda dzandidzandi, amakwiya popanda chifukwa, amakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Musadikire kuti khungu liume. Ambiri anamva kuti wotere satuluka thukuta, koma amene wadwala akuvina nthawi zambiri amakhala ali chinyowere. Wina athamange kukaitana azachipatala, otsala yambani kumuziziritsa pomwepo, osadikira ambulansi. Madzi ozizira thupi lonse, ayezi pakhosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, kukupiza osaleka. Ngati pali chomuviikamo m'madzi ozizira mutu uli kunja, imeneyo ndiye njira yachangu kuposa zonse. Wosokonezeka kapena wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni chammbali. Panado sathandiza apa, chifukwa uku si kutentha thupi kwa matenda, ndipo akhoza kuwonjezera vuto pachiwindi chomwe chavutika kale.

Nabanda:
Zapanadozo mwatithandiza mayi, ambirife tikanathamangira zomwezo.

Mphatso:
Zoseka pambali, ungasiyanitse bwanji woledzera ndi ameneyo? Amaoneka chimodzimodzi.

Mayi Nachisale:
Usavutike kusiyanitsa. Kukutentha, munthu wasokonezeka, thupi lake likuotcha ukamukhudza, muyese wodwala mpaka azachipatala anene okha. Choopsa ndi kumugoneka mu tenti kuti mowa umuchoke n'kubwerera kukavina.

Wa Sawundi:
Ndipo mukakhala kutsogolo mwayamba kumva kuipa, musayese kubwerera m'mbuyo kudutsa chikhamu chonse. Kodolani achitetezo amene ali kuseri kwa chitsulo chotchinga, adzakukokani n'kukutulutsirani mbali. Ndi ntchito yawo, ndipo m'malo okonzedwa bwino amagawanso madzi pamenepo. Wina akagwa pafupi nanu, pangani bwalo momuzungulira, kwezani manja, kuwani. Oyimba ambiri masiku ano amaimitsa nyimbo akaona zimenezo.

Dalitso:
Makamaka chichitikireni za chikondwerero cha Astroworld ku Houston, ku America, mu November 2021, pomwe anthu 10 anafa. Kumeneko sikunali kutentha, kunali kupanikizana mpaka kulephera kupuma. Koma ziwirizi zimayendera limodzi: wofooka ndi dzuwa ndi amene amayamba kugwa anthu akayamba kukankhana. Mukaona kuti simungathe kukweza manja momasuka, kapena chikhamu chikukusunthani inu osafuna, tulukani chammbali nthawi yomweyo, manja ali pachifuwa kuti musunge mpata wopumira.

Nabanda:
Ndifunseko ine. Mlamu wanga akufuna kupita ndi mwana wa zaka zinayi ku chikondwerero chotere, akuti ana amalowa ulere. Ndamuletsa koma sakumva.

Mayi Nachisale:
Pa madigiri 38 ine sindingavomere. Mwana amatenthedwa msanga kuposa wamkulu, sanena kuti ali ndi ludzu mpaka zitavuta, ndipo poti ndi wamfupi amakhala pafupi ndi nthaka yotentha, pakati pa miyendo ya anthu pomwe mphepo sifika. Ngati akakamira, apite naye madzulo okha, atavala zotchinga makutu, akhale kumbuyo. Ngolo yamwana asaiphimbe ndi nsalu youma poganiza kuti akupanga mthunzi, m'katimo mumatentha kwambiri. Ndipo m'galimoto yoimikidwa asamusiye ngakhale mphindi zisanu.

Chisomo:
Koma ena amapita ndi ana osaona vuto.

Nabanda:
Amapita kukakhala kozizira achimwene. Ndimutumizira zimene alemba mayiwa, mwina namwino amumvera.

Bambo Phiri:
Ndakhala ndikungowerenga. Ine ndi wamkulu pang'ono, ndipo ana anga andigulira tikiti ya tsiku limodzi chifukwa kukubwera gulu limene ndinkalikonda ndili mnyamata. Ndimamwa mankhwala a BP, ena mwa iwo ndi okodzetsa aja. Mayi Nachisale, ndisiye kumwa tsiku limenelo?

Mayi Nachisale:
Ayi bambo, musasiye panokha. Koma mwachita bwino kufunsa, chifukwa mankhwala okodzetsa amachotsa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo ena a BP amachepetsa kugunda kwa mtima kotero kuti thupi limavutika kutulutsa kutentha. Ena a chimfine ndi ziwengo, komanso ena a matenda a maganizo, amachepetsa thukuta. Kaonaneni ndi dokotala wanu tsikulo lisanafike, mumuuze kuti mukakhala panja potentha maola angati, iye ndi amene anganene ngati pali chosintha komanso madzi oti mumwe, makamaka ngati muli ndi vuto la mtima kapena impso. ORS musamwe mwachisawawa musanamufunse, muli mchere. Mankhwalawo muwasunge m'chikwama chomwe muli nacho pamthunzi, m'paketi yake yolembedwa dzina kuti pageti asavute. Amene ali ndi shuga adziwenso kuti insulini imawonongeka ikatenthedwa, imafuna kachikwama kozizira koma isakhudzane ndi ayezi. Mukafika, yambani mwaona pomwe pali tenti yachipatala, ndipo ana anuwo adziwe mayina a mankhwala amene mumamwa. Funsaninso ngati amalola mpando wopinda.

Bambo Phiri:
Zikomo kwambiri mayi. Ndili ndi tsiku lokaonana ndi dokotala Lachiwiri, ndikafunsa zonsezi. Zampandozo ana afunse okha, ndiwo anayambitsa.